Kaundula wa pa Kansonga

Munthu amene waitana maina m'kalasi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, kumuuza kuti apume n'kutaya malovu. A Fiskani Kumwenda atapuma pa uhedimasitala, mwezi sunathe asanayambenso kuitana maina. Kungoti ana awo atsopanowa anali a m'madzi ndi a m'mitengo.

Anakhazikika pa Kansonga, kachilumba ka m'dziwe limene lili kuseri kwa gombe, kumpoto kwa Senga Bay, pamene mtsinje umazengereza usanalowe m'nyanja. Kwawo kunali ku Rumphi, koma iwo ankati mafupa awo anazolowera kutentha kwa Salima, ndipo akazi awo, a Bernadette, ananeneratu kuti sangakayambe kuphunzira Chitumbuka ali ndi imvi kumutu. Eni mudzi anawapatsa kachilumbako akuseka, chifukwa aliyense amene anayesapo kulima pamenepo ankalimira mvuu.

A Kumwenda sanalimbane nazo mvuuzo. Anakumba ngalande yofika m'chiuno kuzungulira mpunga wawo wa faya, poti mvuu, ndi chithupi chonsecho, imaopa kuponda pamene sikuona pansi pake. Mbali ya kum'mawa, kumene kunali msipu wonona, anaisiya osagwetsako khasu. "Uko n'kwa eni ake," ankatero. Pakati pa mpunga ndi msipuwo panali mkuyu, ndipo pamkuyupo anamanga nsanja.

Kunja kukamayera, ankakwera pansanja ndi magalasi oonera patali, wotchi, pensulo ndi kaundula wa chikuto chobiriwira, mmodzi mwa akaundula otsala amene sukulu inawapatsa potsazikana. M'mizere ya maina analembamo nkhwazi ziwiri za pamgwalangwa, akatumbu atatu, nantchengwa mmodzi, ndi ng'azi yakuba mazira imene anaitcha Robert, dzina la mwana wina amene ankamaliza choko m'kabati. Wobwera ankamuchonga. Wojomba ankamulembera kaziro. Kumapeto kwa mzere ankalemba nthawi, njira imene mwiniyo wadzera, ndi ndemanga, ngati mmene amachitira mphunzitsi wosadziwa ulesi.

Dzina loyamba m'kaundulamo linali Molly. Inali mvuu yaikazi yong'ambika khutu lamanzere, imene inapatuka pagulu la zinzake n'kumakhala pa Kansonga ndi mwana wake. Mwanayo, amene tsopano anali ndi zaka ziwiri ndipo ankadya yekha msipu, anamutcha Tikondwe. Molly weniweni anali mayi wina amene ankasesa pasukulu yawo yoyamba, wonenepa, wosalankhulalankhula, wosachedwa ngakhale tsiku limodzi. Mvuuyo sinalichititse manyazi dzinalo. Inkachoka kumsipu faifi koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri, kudzera pampata wa bango wa kumunsi kwa mkuyu, mwana ali pambuyo. Ikafika pampatapo inkaima, n'kutembenuzira khutu long'ambikalo kunsanja, kenaka n'kulowa m'madzi. A Kumwenda ankalumbira kuti kuimako kunali kuyankha dzina.

"Mvuu ikuyankheni inu, ndinu amalume ake?" a Bernadette ankawaseka, akupeta mpunga.

"Ana ena amene ndinawaphunzitsa sankafika pamenepa, amake Sungeni."

Chimene ankanyadira kuposa zonse chinali chakuti kaundula wawo sananamepo. Pa zaka zonse za ntchito sanachongepo mwana wojomba, ngakhale pamene woyendera sukulu ankabwera ndipo aphunzitsi ena ankadzaza mizere kuti kalasi ioneke yodzadza. Ankati bodza la pakamwa limauluka ndi mphepo koma la m'buku limakhala mpaka mwini wake atafa. Nkhani imeneyi a Bernadette anaimva kokwana, moti ankatha kuimalizitsa okha.

Loweruka lililonse masana, Che Musa, msodzi wa kutsidya, ankabwera ndi bwato kudzawaolotsa kuti akagone kwa mwana wawo Sungeni, poopa kuchedwa mapemphero a m'mawa. Choncho mzere wa Lamulungu unkakhala wopanda kanthu. A Kumwenda, posafuna kuti wowerenga aganize kuti anachita ulesi, ankalemba pamwamba pake ndi zilembo zoongoka: "Hedimasitala kulibe, ali kutchalitchi."

Mlendo wawo wa nthawi zonse pachilumbapo anali a Lameck Katsala, amene anaphunzitsa nawo sukulu imodzi zaka khumi ndi ziwiri. Ubwenzi wawo sunali wa pamowa. Chaka chija aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, anthu ambiri anayamba kuwalambalala a Kumwenda ngati ali ndi nthomba, koma a Katsala anabwera ndi ngolo masanasana, natenga mipando, mabuku ndi makina osokera a a Bernadette n'kukasunga kunyumba kwawo. Banjalo litabwerera, linapeza zonse zili momwemo, ngakhale supuni sinasowe. Kuyambira pamenepo, munthu akanena zoipa za a Katsala, a Kumwenda ankanyamuka n'kumusiya akulankhula yekha.

Lachitatu lililonse a Katsala ankaoloka kudzasewera bawo pansi pa mkuyu. Za kaundula sankazilabadira. Ankati munthu wamkulu kumawerenga abuluzi ndi matenda, ndipo mankhwala ake n'kugula wailesi. Matipate atabwera, iwo anasankhidwa kukhala wapampando wa chipani china m'deralo. Anasoketsa malaya a nsalu ya chipanicho, mawu awo anakula, ndipo bawo inayamba kujombedwa. Kenaka phungu wa deralo anamwalira, kunalengezedwa chisankho chachibwereza, ndipo a Katsala anasowa miyezi iwiri yathunthu.

Anatulukira Lachiwiri lina masana, n'kupempha kuti agone konko. M'mawa mwake anachita chimene sanachitepo: anakwera pansanja, akubuula ndi mawondo, nakhala phee pambali pa mnzawo. Molly anatulukira pa nthawi yake, anaima pampata, anatembenuza khutu, n'kulowa m'madzi.

"Tsiku lililonse imadzera pomwepa?" a Katsala anafunsa monong'ona.

"Pomwepa. Onani nokha." A Kumwenda anatsegula masamba ambuyo, chimwemwe chili tsaya ndi tsaya. Zaka zitatu anadikira kuti mnzawoyu afunse funso limodzi lokha.

"Nanga mphepo ikasintha?"

"Mwera ukamaomba imachedwa mphindi zisanu, basi."

A Katsala anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chili pamzere, ngati akuchonga mayeso. Atatsika anati: "Achimwene, ndinkakusekani, koma ili ndi buku. Paja mumadandaula za anyamata otchera akatumbu? Amene tikuwaimika pachisankhochi amadziwana ndi anthu oteteza nyama ku Lilongwe. Ndibwerekeni bukuli akalione. Mwina angadzazike chikwangwani pano, munthu asadzatcherenso msampha."

A Kumwenda analikulunga m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe m'bwato, n'kulipereka ndi manja awiri.

Bwato litachoka, a Bernadette anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Munthu woopa mawondo wakwera mtengo lero. Galu wamkota sakandira pachabe, abambo a Sungeni."

"Makina anu osokera anasunga ndani?"

A Bernadette anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Masiku atatu otsatirawo a Kumwenda analemba kaundula kuseri kwa kalendala, akuganiza za malo abwino ozikapo chikwangwani.

Lamulungu m'mawa, akusamba kumaso kuseri kwa nyumba ya Sungeni, anamva kugunda kuwiri kuchokera kudziwe. Anayesa asodzi akumenya bwato poopseza nsomba kuti zilowe mu ukonde. Anayang'ana wotchi mwachizolowezi, n'kuona kuti faifi koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri ndi imodzi. Anamwetulira poganiza kuti Molly walowa m'madzi popanda womuchonga, navala jekete lawo.

Potuluka m'tchalitchi dzuwa lili pamutu, anapeza msewu wadzaza. Amayi ankachokera kubwalo la mpira atasenza mabeseni ovundikira ndi masamba a nthochi, ntchentche zikuwalondola. Abambo ena anali atapachika nyama pamahandulo a njinga. Chimkuzamawu chinkaimba nyimbo za chipani. Mayi wina amene a Kumwenda sankamudziwa n'komwe anagwada pang'ono, beseni lili pamutu.

"Zikomo aphunzitsi. Ana alawako lero."

Wachiwiri anathokozanso, wachitatu chimodzimodzi. A Kumwenda ankangoyankha kuti zikomo, akuganiza kuti awasokoneza ndi munthu wina. Ndi pamene anaona Che Musa ataima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Che Musa, kwagwanji kuno?"

"Aphunzitsi, wallahi ine sindinawaolotse. Anthu a chipani anandipempha dzulo inu mutangotsika, ndinakana. Anakabwereka boti la injini ku Senga Bay. Mlenje anagona pansanja panu. Akuti sanavutike. Anangoyang'ana wotchi."

A Kumwenda anayenda kulowera kubwalo, a Bernadette akuwatsatira, ndipo anthu ankawapatukira mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka. Pakati pa bwalo panali lole. Anyamata ovala malaya a chipani ankadula nyama ndi zikwanje n'kumaponyera m'mabeseni a anthu amene anali pamzere. Mutu anauika pamwamba pa lole kuti aliyense auone kukula kwake, atautsekula kukamwa ndi mtengo. Khutu lamanzere linali long'ambika.

A Katsala anali pansanja ya alendo, chimkuzamawu chili kukamwa. Atawaona anakweza dzanja.

"Ndi awo afikawo! Anthu inu, chilombo chimenechi chakhala chikutha minda zaka zitatu. Ena ankangolonjeza. Koma aphunzitsi athu a Kumwenda, munthu wophunzira, ankalemba mayendedwe ake onse tsiku ndi tsiku, ndipo ife tinatenga umboniwo n'kukapeza chilolezo. Tawaombereni m'manja!"

Bwalo lonse linaomba m'manja, amayi analuluta. A Kumwenda anaima pakati pa nthungululuzo manja ali lende. Pa moyo wawo wonse anali asanaomberedwe m'manja ndi anthu ochuluka chotero, ndipo anafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo. Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali mutu uli palolewo ayi, koma kukumbukira mmene anakulungira bukulo m'pulasitiki kuti lisanyowe.

Anadikira kuseri kwa lole mpaka a Katsala atatsika. Mnzawoyo anabwera akupukuta thukuta, kaundula ali m'khwapa, ndipo pambuyo pake panali bambo wina atanyamula chinthuli chachikulu cha ntchafu m'thumba la feteleza.

"Achimwene, musandiyang'ane choncho. Ili ndi gawo la mwini munda, mwambo sitinauiwale. Buku lanu ndi ili, silinanyowe."

A Kumwenda analandira bukulo n'kulitsegula. Mzere uliwonse wa Lamulungu unali utazunguliridwa ndi inki yofiira. Anabwerera masamba ambuyo mpaka anapeza tsamba lopindidwa pakona, la chaka chathachi mu Malichi. Panali ndemanga yawo yomwe: "Molly wadya mpunga mizere isanu ndi umodzi. Kulakwa n'kwanga, ngalande inagumuka ndipo sindinaikonze." Chiganizo choyamba chinali chitadulidwa mzere wofiira kunsi kwake, woongoka bwino, wa rula. Chachiwiri anachisiya.

"Umboni wake ndi umenewu, a Katsala?"

"Ofesi imafuna pepala. Ndinawapatsa pepala."

"Munawerenga theka."

"Ndinawerenga pamene panali ntchito." A Katsala anatsitsa mawu. "Tamverani, achimwene. Anthu awa chaka chino akolola chiyani? Mvuu zawathera chimanga m'madimba monse mpaka ku Khombedza. Mwana wa pamzere uyo nyama anailawa liti? Inu muli ndi mpunga wanu ndi magalasi anu. Iwowa sadya kaundula."

"Zimene zikudya madimba ndi za gulu la kumtsinje. Molly sanaolokepo kubwera kumtunda, ngakhale tsiku limodzi. Zili m'bukumu, mwawerenga nokha."

"Ndawerenga. Za kumtsinjezo lero zatulukira uku, mawa uko, mlenje angathe sabata osaziona, ndipo msonkhano unali lero." A Katsala anatambasula manja. "Yanuyi inali yosunga nthawi."

Mawu amenewa anawanena mopanda nkhanza, ngati munthu amene akufotokoza chifukwa chake wakwera basi ya m'mawa. A Kumwenda akanakonda akanawatukwana, chifukwa chitukwano munthu umabweza.

"Mukanandipempha, Lameck."

"Mukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye mwadziyankha nokha." A Katsala anawagwira paphewa. "Mtima ukhala pansi. Ine ndi inu tadutsa m'zazikulu kuposa nyama ya m'madzi, kapena mwaiwala ngolo ija? Lachitatu ndibwera, tidzasewere bawo, ndidzaonenso bukuli. Musasiye kulemba. Mlenje uja walitama kwambiri, akuti sanaonepo lotere. Kamwana kaja kanathawira m'bango, koma kabwerera, ndipo pofika chisankho chachikulu kadzakhala katakula."

Chimkuzamawu chinawaitana, ndipo anabwerera kunsanja akuthamanga pang'ono, mawondo aja atachira.

Thumba la nyama linatsala pamapazi a a Kumwenda. A Bernadette analiyang'ana, nayang'ana amuna awo. Mawu aja a galu wamkota anali pamlomo, aliyense akanawaona, koma anawameza. Anaitana mayi wina amene anali kumapeto kwa mzere ndi beseni lopanda kanthu, namuuza kuti atenge. Kenaka anati: "Makina aja anatisungira a Katsala, ndikawapatsa. Ngati inali ngongole ya moyo wonse, akasokere okha malaya a chipani."

Che Musa anawaolotsa kubwerera kuchilumba. Atafika pakati pa dziwe anangoti, "Bola mwaisiya. Nyama yosazinga m'bwato mwanga sindikananyamula." Pa Kansonga anapeza bango la pampata litagona pamene anakokerapo mtembo ndi zingwe. Matope anali akuda, ntchentche zili ng'waa. Pansanja panali zotsalira za ndudu ndi chitini cha nsomba chopanda kanthu, ndipo mlenje anali atasuntha kampando ka a Kumwenda kuti kayang'ane bwino kumpata. A Kumwenda anatola zotsalirazo chimodzichimodzi, nabwezera kampando pamalo pake. Chakudya sanadye tsiku limenelo.

A Bernadette ankaganiza kuti m'mawa mwake amuna awo sadzuka, kapena adzatenga bukulo n'kulisonkhezera pamoto. Koma kunja kukuyera anamva chitseko, ndipo atasuzumira anawaona akupita kumkuyu, kaundula m'khwapa, pensulo kukhutu. Anafunda chitenje n'kuwatsatira. Pa zaka zitatu zonsezo anali asanakwerepo pansanjapo, ndipo anakwera akudandaula za makwerero.

Nkhwazi ziwiri zinali pamgwalangwa pawo. Akatumbu anadutsa m'mphepete mwa bango, atatu onse, mitu yokha ili pamwamba pa madzi. Robert anali pachitsa chake akudikira dzuwa. A Kumwenda anatsegula tsamba la Lolemba. Pa dzina loyamba anajambula mzere ndi rula kuyambira kumanzere mpaka kumapeto, ngati mmene ankachitira mwana akachoka pasukulu osadzabweranso. Atamaliza anatenga nthawi yaitali akupukuta magalasi.

Kenaka msipu unagwedezeka. Tikondwe anatulukira yekha, akuyenda pang'onopang'ono m'njira ya amake, mphuno ili pansi. Atafika pampata anaima pamatope akuda aja, nanunkhiza, natembenuzira mutu kunsanja. A Kumwenda anayang'ana wotchi asanaganize n'komwe. Faifi koloko inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Mwanayo anali ataphunzira bwino, ndipo a Kumwenda anazindikira kuti Lachitatu munthu adzabwera kudzawerenga zimenezo chala chili pamzere. Akapeza buku latenthedwa kapena masamba opanda kanthu, adzakwera yekha pansanja kudzaona. Koma kaundula wa a Kumwenda akanena kuti mwana kulibe, Salima yense ankadziwa kuti kulibedi.

Ananyowetsa nsonga ya pensulo palilime. Pa dzina la Tikondwe analemba kaziro, kozungulira bwino. Analembanso ena kwa akatumbu atatu, kwa nkhwazi, kwa nantchengwa, mpaka kwa Robert wakuba mazira, amene anali gone pachitsa pamaso pawo. M'malo a ndemanga analemba: "Onse anasamuka chifukwa cha mfuti. Sakuoneka."

A Bernadette anawerenga, nayang'ana kumpata kumene kamvuu kanali kataimabe.

"Abambo a Sungeni, uyo si Tikondwe?"

"Sindikumuona," anatero a Kumwenda, misozi ikutsikira m'ndevu. Anasayina dzina lawo lonse pansi pa tsambalo, n'kulemba deti.